Mlandu wa Mndandanda wa Mabuku Opambana

Pakati pa anthu okonda kuwerenga a ku Britain ndi ku America pali mlandu umene wakhala pabwalo zaka zambiri, ndipo monga akulu ananena, mlandu suola. Mlanduwo ndi uwu: mwa mabuku onse a nthano zodabwitsa, kodi ndi ati amene ayenera kulembedwa pa mndandanda wa opambana? Mabuku amenewa ali a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndiwo nthano za sayansi, zosimba za makina amene sanapangidwebe, za maulendo opita ku nyenyezi ndi za masiku akudza. Mtundu waciwiri ndiwo nthano za matsenga, zosimba za mfiti, zinjoka ndi maufumu amene sanakhalepo pa dziko lino. Wina angayese kuti mlandu wotere ndi wacabe, koma mndandanda uli ndi mphamvu. Buku lolembedwapo lisindikizidwa kawirikawiri, ligulidwa ndi masukulu, ndipo limasuliridwa m'zinenero zina. Koma buku losiyidwa likhoza kuiwalika pamodzi ndi mlembi wace.

Mkangano unayamba mindandanda isanakhaleko. M'caka ca 1865 Jules Verne wa ku France anatulutsa nthano ya anthu ofuna kupita ku mwezi poponyedwa ndi mzinga waukulu, ndipo anawerengera mosamala kukula kwa mzingawo ndi liwiro lofunika. M'caka ca 1901 H. G. Wells wa ku England anatumizanso anthu ku mwezi m'buku lace The First Men in the Moon, koma iye anangopeka citsulo coletsa mphamvu imene ikokera zinthu pansi. Verne, ali nkhalamba, anadandaula kuti iye anatsata sayansi yodziwika pamene mnzaceyo anapeka zosaoneka. Kuyambira pamenepo owerenga anagawika: ena anafuna nthano zokhulupirika, ena nafuna zokoma, ngakhale zikhale zosatheka.

Bwalo loyamba loweruza mlanduwu linamangidwa ku America. M'caka ca 1926 Hugo Gernsback anayamba magazini ochedwa Amazing Stories, osindikiza nthano za sayansi zokhazokha. Owerenga ace anayamba kulemberana makalata, napanga timagulu, ndipo m'caka ca 1939 anacita msonkhano wao waukulu woyamba ku New York. Pa msonkhano wa 1953 ku Philadelphia anapereka kwa nthawi yoyamba mphotho imene idziwika ndi dzina la Hugo, ndipo buku limene linapambana linali The Demolished Man la Alfred Bester. M'zaka zotsatira mwambo unakhazikika wakuti osankha akhale anthu amene alipira ndalama za umembala wa msonkhano. Ambiri a iwo m'masiku amenewo anali amuna a ku America okonda nkhani za makina.

Cimene cinacitika m'caka ca 1966 cisonyeza bwino mphamvu ya osankha. Pa msonkhano wa ku Cleveland panali mphotho yapadera ya mabuku otsatizana opambana onse. The Lord of the Rings ya J. R. R. Tolkien inali pa mpikisanowo, ndipo Isaac Asimov mwini anayembekeza kuti ndiyo idzapambana. Koma osankha anapereka mphothoyo kwa Foundation ya Asimov, nthano ya ufumu wa pakati pa nyenyezi. Patapita zaka 31, m'caka ca 1997, masitolo a mabuku a Waterstone's ku Britain anafunsa anthu wamba pafupifupi 25,000 kuti achule buku lalikulu la zaka za 1900. Anthuwo anaika buku la Tolkien pamwamba, ndi Nineteen Eighty-Four ya George Orwell paciwiri. Akatswiri ena a zolembalemba anakhumudwa kwambiri, poti iwo analiyesa buku la ana. Komabe m'caka ca 2003, pamene BBC inafunsanso anthu, buku lomwelo linapambananso. Nthano ya Tolkien inali yomweyo pa masankho onse atatu. Amene anasintha ndiwo okhala pabwalo.

M'caka ca 2011 nyumba ya wailesi ya NPR ku America inapanga mndandanda wa mabuku 100, ndipo mavoti oposa 60,000 anaponyedwa. Tolkien anatsogolanso, ndipo Dune ya Frank Herbert inakhala yacinai. Koma madandaulo anabuka pa zinthu ziwiri. Coyamba, akulu a wailesiyo anapatula mabuku a acinyamata, kotero kuti Harry Potter sanaloledwe ndi kupikisana komwe. Caciwiri, unyinji wa olemba osankhidwa unali wa amuna Azungu, ndipo akazi anali owerengeka. Pamenepo anthu anayamba kufunsa poyera ngati mndandanda wotere usonyeza mabuku opambana, kapena mabuku amene osankhawo anawerenga pa ubwana wao.

Mlandu unafika poipa m'caka ca 2015. Magulu awiri ochedwa Sad Puppies ndi Rabid Puppies anati mphotho ya Hugo inali kupita kwa mabuku olalikira za ndale m'malo mwa mabuku osangalatsa. Conco anapangana kuchula maina amodzimodzi, nadzaza nao malo ambiri a mpikisano. Pa msonkhano wa ku Spokane anthu pafupifupi 6,000 anavota, ndipo m'magawo asanu anasankha kusapereka mphotho kwa munthu ali yense koposa kuipereka kwa osankhidwa mwa cipangano. Mphotho ya buku lalikulu inapita kwa The Three-Body Problem ya Liu Cixin wa ku China, buku loyamba lomasuliridwa kucokera ku cinenero cina kulandira ulemu umenewu. Pambuyo pace malamulo ochulira maina anakonzedwa, ndipo N. K. Jemisin, mkazi wakuda wa ku America, anapambana zaka zitatu zotsatizana, 2016, 2017 ndi 2018, cinthu cimene mlembi wina ali yense anali asanacitepo.

Bwalo litakula, mabuku a ku Africa anayamba kuonekera. The Palm-Wine Drinkard ya Amos Tutuola wa ku Nigeria inasindikizidwa ku London m'caka ca 1952, ndipo ophunzira ena a kwao anacita nayo manyazi cifukwa ca Cingerezi cace cosatsata malamulo a kusukulu. M'caka ca 2020 magazini a Time anaiika pa mndandanda wa nthano za matsenga 100 zopambana, pamodzi ndi mabuku a Tolkien. M'caka comweco Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, analandira mphotho ya Arthur C. Clarke, imene iperekedwa ku Britain ndi kagulu ka oweruza kuyambira 1987. Buku lace The Old Drift litenga dzina la mudzi wakale wa Azungu pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Livingstone, ndipo mwa anthu ace muli Edward Mukuka Nkoloso, amene m'caka ca 1964 analengeza kuti adzatumiza anthu a ku Zambia ku mwezi. Patapita zaka 155 cilembere Verne za mzinga wace, loto la ku mwezi la munthu wa ku Zambia linalowa nalo m'mabuku olemekezedwa.

Mbiri imeneyi iphunzitsa kuti wowerenga wanzeru akapatsidwa mndandanda wa mabuku opambana ayenera kuyamba wafunsa kuti anasankha ndani, m'caka citi, ndipo ndi mabuku ati amene analetsedwa kulowa. Ayeneranso kukumbukira kuti osankha sangachule buku limene sanaliwerenge, ndi kuti ambiri a iwo awerenga Cingerezi cokha. Nthano za Kalulu ndi za zilombo zolankhula zimene agogo asimba madzulo ziri za mtundu womwewo wa nthano zodabwitsa, koma sizingafike pabwalo limeneli mpaka atapezeka wozilemba bwino ndi wozimasulira.