Masiku Omaliza a Mtumiki (SAW) ndi Udindo Wathu pa Odwala

Abale ndi alongo m'Chisilamu, Mtumiki Muhammad (SAW) adamwalira ku Madina tsiku Lolemba m'mwezi wa Rabiul Awwal, chaka cha 11 cha Hijra (632), ali ndi zaka 63. Thupi litatentha kwambiri, adapempha akazi ake kuti akadwazikidwe m'nyumba ya Mayi Aisha (RA), ndipo adalamula Abu Bakr (RA) kutsogolera Swala. Ululu ukakula, ankaviika dzanja m'madzi nkudzipukuta kumaso. Mayi Aisha adamufewetsera mswaki, ndipo mzimu wake udachoka mutu uli pachifuwa pawo. Sadafe ali yekha.

Maulama adatiphunzitsa kuona zizindikiro: wodwala amakana chakudya, amagona nthawi yaitali, mapazi amazizira, kupuma kumadukizadukiza, thukuta limatuluka pamphumi. Tsiku lenilenilo alidziwa ndi Allah yekha, choncho chithandizo cha kuchipatala chisalekedwe. Koma tikaona izi, tikhale pafupi. Timunyowetse milomo, timutembenuzire ku Qibla ngati sizimupweteka, timukumbutse chifundo cha Allah, ndipo titchule Shahada mofatsa pafupi naye, osamukakamiza. Akaitchula, tisamubwerezetse pokhapokha atayankhulanso zina. Akatsirizika timutseke maso, monga Mtumiki adachitira ndi Abu Salama (RA). Misozi ndi yololedwa; kukuwa ndi kudzigwetsa pansi ayi.

Phunziroli likutikhudza kwambiri kuno ku Mzimba. Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna a boma lino akhala akupita ku migodi ya ku Joni, ena kudzera ku Wenela. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi idagwa ku Francistown, ku Botswana, nkupha Amalawi oposa 70, ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu ntchitoyi. Ambiri amene sadabwerere kwawo adatchedwa matchona. Lero lino achinyamata a pa Boma, ku Jenda ndi ku Embangweni akupitabe ku Johannesburg, ndipo ena amabwerako m'bokosi.

Amene adwalira kutali, mayi wake ndi Msilamu mnzake wokhala naye pafupi. Makolo, phunzitsani ana anu zimenezi asanakwere basi. Inu a pano, popeza Asilamu kuno ndife ochepa, musadikire uthenga wa Janaza; kaoneni wodwala akadali moyo, mumve za ngongole zake ndi wasiya wake.

Allah atipatse mathero abwino. Ameen.