Kung fu: kuchoka ku Shaolin kufika m'tinjira ta ku Chibanja

Mukacheza ndi anyamata a ku Chibanja mumzinda wa Mzuzu, makamaka akabaza ndi ena oweruka usiku, simuchedwa kumva zoti munthu wodziwa kung fu angathe kugwetsa achifwamba asanu ali yekha, ati chifukwa lusoli lidachokera kwa amonke a ku Shaolin omwe sadagonjepo. Ena mpaka akuphunzira zibakera ndi mateche poonera mavidiyo a pafoni. Mantha awo ndi omveka, pakuti tinjira tambiri ta m'makomboni mwathu mumakhala mdima wandiweyani. Koma mbiri ya lusoli siyikugwirizana ndi zonenazi.

Kachisi wa Shaolin adamangidwa m'chaka cha 495 m'chigawo cha Henan ku China. Nthano yoti mmonke Bodhidharma ndiye adayambitsa nkhonya kumeneko idachokera m'buku la m'zaka za m'ma 1600, iye atamwalira kalekale. Chodziwika n'chakuti mu 621 amonkewa adathandiza kalonga Li Shimin pankhondo, ndipo m'ma 1550 adalimbana ndi achifwamba apanyanja. Chida chomwe adatchuka nacho chidali ndodo. Ngakhale mkulu wa asilikali Qi Jiguang, m'buku lake la cha mu 1560, adaona nkhonya ngati njira yochangamutsira manja ndi miyendo, osati chodalira pabwalo lankhondo.

Mu 1900 gulu la ankhonya a ku China lotchedwa Boxer lidathira nkhondo azungu likukhulupirira kuti miyambo yake iletsa zipolopolo kulowa m'thupi. Adafa ambirimbiri. Ife amene tidakula tikumva za anthu okhwima, chikhulupiriro chotere sichachilendo. Kachisi wa Shaolin uja adatenthedwa pankhondo ya mu 1928, ndipo kuyambira m'ma 1950 lusoli lidasanduka masewera oonetsa otchedwa wushu, omwe wopambana ndi amene wasuntha mokongola. Apa m'pamene zidapindikira. Mibadwo ya ophunzira idakula ikumenya mpweya, ndipo mpikisano womenyana zenizeni wa sanda udadzakhazikika cha m'ma 1980.

Kuno kwathu kung fu adafika kudzera m'mafilimu. Enter the Dragon ya Bruce Lee idatuluka mu 1973, chaka chomwe mwiniwakeyo adamwalira ali ndi zaka 32, kenako Shaolin Temple ya Jet Li mu 1982. Poti Malawi adalibe wailesi yakanema yakeyake kufikira 1999, tinyumba ta vidiyo ndito tidali sukulu. Filimu ikangotha, ana ankatuluka akuponya miyendo m'mwamba, ndipo mafilimu omasuliridwa m'Chichewa atabwera, chidwi chidangokulirakulira. Chomwe sitinkauzidwa n'chakuti Bruce Lee yemweyo, amene adaphunzira kung fu wa mtundu wa wing chun kwa Ip Man ku Hong Kong, ankadzudzula kuloweza mayendedwe popanda kuyesana ndi mnzako, ndipo mu 1967 adayambitsa njira yake ya Jeet Kune Do.

Aphunzitsi enieni adafika m'zaka za m'ma 2000 pomwe mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, adatsegula Amitofo Care Centre ku Blantyre. Ana amasiye akumeneko amaphunzira kung fu wa Shaolin kwa zaka zambiri, monga filimu ya mu 2019 ya Buddha in Africa ikuonetsera. Mphamvu ndi mwambo wa anawa ndi umboni woti lusoli lili ndi phindu.

Koma pankhani yomenyana pamsewu, phunziro lalikulu lidachokera ku China komweko. Mu April 2017, mumzinda wa Chengdu, mphunzitsi wina wa kung fu wa mtundu wa tai chi, yemwe adaonekapo pakanema ngati katswiri, adakumana ndi mphunzitsi wa nkhonya zosakaniza za MMA wochokera ku Beijing. Awiriwa adali atanyozana kwa nthawi pa intaneti. Anthu adazungulira bwalo, mafoni ali m'manja. Katswiri uja adatambasula manja monga amachitira pophunzitsa, mnzakeyo n'kumuthamangira ndi zibakera zakumaso. Pasanathe masekondi 20, katswiriyo adali pansi akuphimba mutu, magazi akutuluka. Vidiyoyo idafalikira dziko lonse la China. Ambiri adakwiyira wopambanayo kuti wanyoza chikhalidwe cha makolo, koma m'zaka zotsatira akatswiri enanso amiyambo adagwa chimodzimodzi. Dziwani kuti iyi idali ndewu ya anthu awiri, pamalo owala, popanda chikwanje. Katswiriyo adagwa chifukwa zaka zake zonse zidathera m'mayendedwe oloweza, osazolowera kulandira chibakera cha munthu wofunadi kumupweteka.

Nanga mnyamata wa ku Chibanja yemwe mphunzitsi wake ndi foni, atakumana ndi anthu atatu a zikwanje mumdima, zingamuthere bwanji?

Wofuna kung fu aphunzire ndithu, koma apeze mphunzitsi wolola ophunzira kuvala magolovesi n'kuyesana, wophunzitsanso kuphimba mutu, kudzuka msanga ukagwa, ndi kuthawa. Adziwenso kuti lamulo limalola kudziteteza ndi mphamvu yolingana ndi chiopsezo, osati kupitiriza kumenya munthu amene wagwa kale. Ndipo inu anyamata oweruka usiku, yendani awiriawiri, gwirizanani ndi achitetezo cha m'dera, ndipo wachikwanje akafuna foni, mpatseni.