Ofulula Mowa Panyumba ku America

Lero timve mbiri ya anthu ofulula mowa panyumba ku America. M'caka ca 1920 boma la dzikolo linaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa. Ciletsoco cinatha mu 1933, koma munthu wamba sanaloledwebe kufulula kwao, kotero lusoli linaphunzitsidwa mobisa. Mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lolola akulu kufulula mowa wakumwa pabanja, osati wamalonda. Caka comweco Charlie Papazian ndi mnzace anayambitsa bungwe la American Homebrewers Association mumzinda wa Boulder. Wolowa catsopano anaphunzira kwa akale kuwiritsa cimera, kutsuka bwino ziwiya ndi kudikira kufikira mowa utapsa. Luso lobisa limafa ndi mwini wace.