Mmene fotokope inalowerera m'nkhani za imelo

Pa 22 Okutobala 1938, ku Astoria mumzinda wa New York, Chester Carlson anakwanitsa kukopera zilembo pogwiritsa ntchito kuwala ndi ufa wouma. Makampani ambiri anamukana, mpaka kampani ya Haloid ya ku Rochester inatenga chilolezo n'kutulutsa makina a Xerox 914 mu 1959. Alembi omwe ankadetsa zala ndi mapepala a kaboni anapumako. Koma makinawo ntchito yake inali kukopera basi, ndipo analibe chochita ndi za kunja kwa ofesi.

Imelo inakulira kwina. Ndondomeko yotumizira makalata, yotchedwa SMTP, anailemba Jon Postel mu 1982, nthawi imene ogwiritsa ntchito netiweki anali ochepa, ambiri a iwo a m'mayunivesite ndi m'malo a kafukufuku. Popeza ankakhulupirirana, seva sinkafunsa kuti wotumizayo ndi ndani. Kalata ikafika, inkangoipititsa. Mu 1992 panabwera MIME, yolola kuphatikiza mafayilo ku kalata, ndipo mu 1993 Adobe inatulutsa PDF. Zitatero, pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makampani monga Ricoh, Canon ndi Xerox anali akugulitsa makina amodzi okopera, kusindikiza, kutumiza fakisi komanso kusikana pepala n'kulitumiza pa imelo.

Apa m'pamene panayambira vuto lomwe silinkaoneka. Katswiri wodzaika makina ankalemba dzina la seva, akaunti ndi pasiwedi pa kasikirini kake, n'kumapita. Papita zaka, katswiri uja anasiya ntchito, pasiwedi palibe anailemba penapake, koma makina akutumizabe ma invoisi ndi makontirakiti tsiku ndi tsiku, ndiye palibe amene amawaganizira.

Amakumbukiridwa tsiku losamuka. Google itayamba kusungira makampani imelo mu 2006, Microsoft n'kubweretsa Office 365 mu 2011, maofesi ambiri anazimitsa maseva awo. Makalata a antchito amasamutsidwa Loweruka ndi Lamlungu, zonse n'kuoneka kuti zayenda. Lolemba m'mawa wowerengera ndalama akaika pepala pagalasi n'kudina batani, makina amangoonetsa nambala yosamveka. Akugogodabe pakhomo la seva yomwe kulibenso. Kampani ikakhala ndi nthambi zambiri, munthu wa makompyuta amayenera kukonza makina amodziamodzi, ndipo mtundu uliwonse unabisa zosinthazo pamalo pake.

Chikhulupiriro cha mu 1982 chija chinathanso kale. Makalata achinyengo atachuluka, mu 1999 SMTP inawonjezeredwa njira yofunsa dzina ndi pasiwedi. Kenaka pasiwedi payokha inaoneka yosakwanira. Mu Meyi 2022 Google inasiya kulola zida zolowa ndi pasiwedi wamba pa maakaunti a anthu, ndipo mu 2025 inachitanso chimodzimodzi pa maakaunti a makampani. Microsoft inayamba kutseka malowedwe akalewa mu Okutobala 2022, koma potumizira makalata inayamba yasiyako kaye, pozindikira kuchuluka kwa zida zodalira pamenepo. Njira yatsopano yolowera, yotchedwa OAuth, makina ambiri akale saidziwa.

Chifukwa chotsekera n'chomveka ndithu: wakuba akapeza pasiwedi ya m'makina, atha kutumiza invoisi yabodza m'dzina la kampani. Komabe n'zopweteka kuona makina olimba, osikana bwinobwino, akutayidwa chifukwa wopanga anasiya kuwakonzera pulogalamu yatsopano.

Akatswiri osamala ndalama za mabwana awo amapeza polowera. Ena amapatsa makina pasiwedi yapadera imene Google imalolabe. Ena amaika seva yaing'ono mkati mwa ofesi, nthawi zambiri ya Postfix, pulogalamu yaulere imene Wietse Venema anatulutsa ali ku IBM mu 1998. Makina onse amapereka makalata awo kwa sevayi mwachikale, iyo n'kuwatumiza kunja mwamakono. Kampani ikadzasamukanso, posintha pamakhala pamodzi pokha.