Makina Ofufuzira Zitsulo ndi Chuma Chokwiriridwa cha ku England

M'dziko la England muli anthu zikwi zambiri amene, alimi akangomaliza kukolola ndi kugalauza minda, amapempha chilolezo kwa eni malo n'kulowa m'mindamo atanyamula ndodo yokhala ndi chinthu chozungulira ngati mbale kunsonga kwake, ndipo amayenda pang'onopang'ono akuiyendetsa uku ndi uku pamwamba pa nthaka, makutu ali tcheru m'mahedifoni. M'kati mwa mbaleyo muli waya wokulungidwa amene magetsi akadutsamo amatulutsa mphamvu ya maginito yolowa pansi, ndipo mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo chilichonse, kaya msomali kaya mphete yagolide, imabwerera itasintha, makinawo n'kulira. Ndalama yaing'ono yachitsulo imamveka ikakhala pafupi, pakuya kosapitirira pamene pulawo imafika, n'chifukwa chake zambiri zimene anthuwa amatola zimachokera m'dothi limene latembenuzidwa kale chaka ndi chaka.

Makinawa sanapangidwire chuma poyamba. Mu 1881 Alexander Graham Bell anakonza chipangizo cha mtunduwu pofuna kupeza chipolopolo m'thupi la James Garfield, pulezidenti wa America amene anali atawomberedwa, koma sanachipeze. Mu 1941 msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, anapanga makina onyamula m'manja ofufuzira mabomba okwirira, amene anagwira ntchito pa nkhondo ya El Alamein ku Egypt mu 1942. Pofika zaka za m'ma 1970 makinawa anali atapepuka ndi kutsika mtengo moti munthu wamba ankatha kugula, ndipo apa m'pamene panayambira mkangano pakati pa osaka chumawa ndi akatswiri ofukula zakale, amene amaphunzira moyo wa anthu akale poona zimene anthuwo anasiya m'nthaka.

Dandaulo la akatswiriwo linali lomveka. Kwa iwo chinthu chakale chimanena zambiri chikadali pamalo pake, pakuti kuya kwake, dothi lochizungulira, mapale ndi makala zoyandikana nacho ndi zimene zimaulula nthawi imene chinakwiriridwa ndi chifukwa chake, ndipo munthu akachizula n'kuchiika m'thumba, umboni wonsewo umafafanizika osabwereranso. Lamulo la nthawiyo silinkathandiza. Linali lamulo la zaka mazana ambiri lotchedwa treasure trove, lonena kuti golide kapena siliva wopezeka m'nthaka ndi wa mfumu pokhapokha zitatsimikizika kuti mwini wake anamubisa ndi cholinga chodzamutenganso, ndipo bwalo linkayenera kulota maganizo a munthu amene anamwalira zaka chikwi zapitazo. N'chifukwa chake chuma cha m'manda a ku Sutton Hoo, chofukulidwa mu 1939, chinagamulidwa kuti ndi cha mwini malo, Edith Pretty, popeza oika maliro sakwirira katundu kuti adzamufukule, ndipo dziko linachipeza kokha chifukwa mayiyo anachipereka mwaulere ku British Museum. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, malo a kachisi wachiroma ku Wanborough m'chigawo cha Surrey atadziwika, anthu anakhamukirako usiku ndi makina awo n'kukumba ponseponse, ndipo ndalama zakale zikwizikwi zinasowa.

Chimene chinayamba kufewetsa mitima chinachitika pa 16 Novembala 1992 m'mudzi wa Hoxne ku Suffolk, pamene Eric Lawes, amene anali atapuma pantchito, ankafunafuna ndi makina ake hamala imene mnzake mlimi anataya m'munda umene ankalima. Atatulukira masipuni asiliva ndi ndalama zagolide, analeka kukumba n'kudziwitsa apolisi ndi eni malo, ndipo m'mawa mwake akatswiri anabwera kudzanyamula zotsalazo pamodzi ndi dothi lake. Panapezeka ndalama 14,865 za nthawi ya Aroma, zibangiri, masipuni ndi timitsuko tothiramo tsabola, zonse zokwiriridwa chaka cha 407 chitadutsa, pamene ulamuliro wa Aroma unkatha ku Britain. Chifukwa cha kuleza mtima kwa Lawes, akatswiri anatha kuona kuti katunduyo anali m'bokosi lamatabwa, masipuni atasanjidwa imodzi pamwamba pa inzake ndipo zina zitakulungidwa m'nsalu ndi udzu, chizindikiro chakuti banja limene linabisa chumacho linalongedza mosamala, osati mothamanga. Lawes analandira mapaundi 1.75 miliyoni, amene anagawana ndi mlimi uja.

Mu 1996 nyumba ya malamulo inakhazikitsa Treasure Act, imene inayamba kugwira ntchito mu 1997, ndipo inachotsa funso lija la cholinga cha wokwirira. Chinthu chimene chatha zaka zoposa 300 ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi a chitsulo chake, kapena kuposa apo, ndi golide kapena siliva chinayamba kutchedwa chuma cha dziko, ndipo wochipeza ayenera kukanena pasanathe masiku 14 kwa coroner, mkulu wa boma amene ntchito yake yaikulu ndi kufufuza imfa zosadziwika bwino. Nyumba yosungiramo zakale ikachifuna imalipira mtengo wake wapamsika, umene nthawi zambiri umagawidwa pakati pa wotola ndi mwini munda. M'chaka chomwecho cha 1997 munayamba Portable Antiquities Scheme, ndondomeko yolemba m'kaundula tinthu ting'onoting'ono timene lamulo silikakamiza kukanena, monga mabatani ndi zomangira malamba, ndipo kaundulayo tsopano ali ndi zinthu zoposa miliyoni imodzi. Nzeru ya lamuloli inali kuvomereza kuti palibe boma lingalondere minda yonse, choncho kunali bwino kuti kukhulupirika kupindulitse munthu kuposa kuba.

Phindu lake linaonekera poyera pa 5 Julayi 2009, pamene Terry Herbert anayamba kutola golide m'munda wa Fred Johnson pafupi ndi Hammerwich ku Staffordshire, m'mbali mwa msewu wakale wa Aroma wotchedwa Watling Street. Atatola kwa masiku asanu anakanena, ndipo kufukula konse kutatha panali tizidutswa pafupifupi 4,600, golide woposa makilogalamu 5 ndi siliva pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, zochokera m'zaka za m'ma 600 pamene dera limeneli linali pakati pa ufumu wa Mercia. Chodabwitsa chinali mtundu wa katunduyo, pakuti munalibe ndalama kapena mikanda ya amayi, koma zokongoletsera zida zankhondo: tizipewa ta kunsonga kwa zogwirira za malupanga, timphete tozungulira zogwirirazo, zidutswa za chisoti, zonse zitakanganulidwa mwamphamvu pa zida zake, malupanga enieniwo osaoneka. Pa tizidutswa tina pali miyala yofiira yotchedwa garnet, yosemedwa mopyapyala n'kuikidwa m'timabowo tagolide, ndipo pansi pa mwala uliwonse pali kachikamba kagolide kodindidwa timizere kuti kuwala kubwerere kudzera m'mwalawo, ntchito imene maso a munthu amavutika kuiona popanda galasi lokulitsa. Munalinso mtanda wagolide wopindidwapindidwa ndi kachingwe kagolide kolembedwa mawu achilatini a m'buku la Numeri. Chumachi chinayesedwa mapaundi 3.285 miliyoni, ndipo nyumba zosungiramo zakale za ku Birmingham ndi Stoke-on-Trent zinachigula ndi ndalama zimene mbali ina anasonkha anthu wamba.

Komabe lamulo loyeza kufunika kwa chinthu ndi kuchuluka kwa golide linali ndi mpata waukulu. Chisoti chachiroma chokhala ndi nkhope ya munthu, chimene chinapezeka ku Crosby Garrett mu 2010, chinali chamkuwa, choncho sichinawerengedwe ngati chuma cha dziko, ndipo chinagulitsidwa pamsika wa Christie's pa mapaundi oposa 2 miliyoni kwa munthu wosunga payekha. Mpatawu unatsekedwa mu 2023, pamene lamulo linakulitsidwa kuti lifikenso pa zinthu za chitsulo chilichonse zoposa zaka 200 zimene zili zofunika kwambiri pa mbiri ya dziko.

Mphotho nayonso siinathetse umbombo. Mu 2015 amuna awiri anapeza chuma cha nthawi ya ma Viking pafupi ndi Leominster ku Herefordshire, koma anabisa ndalama zake pafupifupi 300 n'kuyamba kuzigulitsa mobisa, mpaka anamangidwa mu 2019. Pa zochepa zimene apolisi analanda panali ndalama zosonyeza mafumu awiri atakhala limodzi, zosulidwa m'maina a Alfred wa ku Wessex ndi Ceolwulf Wachiwiri wa ku Mercia, umboni wakuti Ceolwulf, amene alembi a ku Wessex anamunyoza ngati chidole cha ma Viking, anali pa mgwirizano ndi Alfred. Amunawo akanakanena akanalandira gawo la mtengo wake mwalamulo, ndipo akatswiri akanaona chumacho chili chathunthu. Zambiri mwa ndalama zimenezo sizinapezekebe mpaka lero.