Kuona Zobisika za M'mimba ku Chiponde

Kale, pamene boma la Mangochi linkatchedwa Fort Johnston, munthu wa ku Chiponde, kumalire ndi Mandimba, akatupa mimba kapena kukodza magazi, sing'anga ndi dotolo omwe ankangodalira dzanja lopapasa, pakuti za m'kati mwa thupi ankazidziwa ndi Namalenga yekha. Likodzo, lomwe nyongolotsi yake Theodor Bilharz anaipeza ku Cairo mu 1851, linkaononga chiwindi ndi chikhodzodzo mosaoneka, kufikira Ian Donald wa ku Glasgow ataonetsa mu 1958 kuti mawu osamveka ndi khutu, akagunda chiwalo n'kubwerera, amajambula chithunzi chake.

Lero wodwala wa ku Chiponde wotumizidwa ku sikani yogwiritsa ntchito mawu otere amatsika mapiri a Namwera mbandakucha, atasala kudya maola 6 kapena 8, kuti ndulu ikhale yodzaza ndiponso mpweya wa m'matumbo usatchinge chithunzi. Lamuloli silachilendo kwa Asilamu akumeneko, ozolowera Ramadani. Chowawa n'chakuti, madotolo akafuna kuona chikhodzodzo, amamuuza amwe madzi ambiri osataya, nakhala pamzere chomwecho, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, mpaka dzina lake litaitanidwa.