Nkhwazi Inataya Nsomba, Nitenga Khasu ndi Piki

Munthu akatulutsa ndalama yacitsulo m'thumba pa msika wa Kabwata, agwira m'dzanja mbiri ya dziko la Zambia, pakuti pa ndalamayo pali cizindikiro ca dziko.

Cizindikiro cimeneci cinacokera ku ca Northern Rhodesia, cimene cinakonzedwa mu 1927. Cinali cishango cakuda cokhala ndi mizere isanu ndi umodzi yoyera yokhotakhota, ndiyo madzi a mathithi a Mosi-oa-Tunya akugwa pa thanthwe lakuda. Pamwamba pace panali nkhwazi itagwira nsomba m'zikhadabo. Munthu panalibe, cingakhale cida ca nchito panalibe.

Mu 1935 Boma linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Azungu anakhala pamtunda pa Ridgeway, ndipo pambuyo pace ku Woodlands ndi ku Kabulonga, koma anchito a ciAfrika anawamangira tinyumba tozungulira ta udzu ku Kabwata. Monga anali kutali ndi nyumba za akulu, momwemonso anali kutali ndi cizindikiro. Ena anali kunena kuti nsomba ili m'zikhadabo ija ndiye mwini dziko.

Pa 24 October 1964, tsiku la ufulu, cizindikiro cinasinthika. Mathithi anatsala pa cishango, popeza Zambezi ndiye mwini dzina la Zambia. Nkhwazi inakwera pamwamba yopanda nsomba, ndipo pansi pa mapazi ace anapingasa khasu ndi piki: khasu la mlimi, piki ya munthu wa pamgodi. Mbali yina ya cishango anaimika mwamuna wobvala malaya ndi kabudula wa nchito, mbali yinayo mkazi, onse awiri anthu wamba, osati mfumu kapena msilikari. Pa msipu pamene aimapo pali cisononkho ca cimanga, mbidzi, ndi cinsanja ca pakamwa pa mgodi, conga zija aziona anchito a ku Nkana ndi ku Mufulira m'mawa uli wonse.

Pansi peni-peni pali mau akuti "One Zambia, One Nation," ndiko kuti Zambia mmodzi, mtundu umodzi. Boma la Kenneth Kaunda linawasankha cifukwa dziko liri ndi mitundu yoposa 70, ndipo mutu umodzi susenza denga. Pamigodi Mbemba, Mlozi, Mtonga ndi Mcewa anali atazolowera kale kutsika m'cikwepe cimodzi. Mauwo anapempha dziko lonse kuti licite cimodzimodzi.